Siginecha izibwera pomaliza

 Mukaona mlangizi mumayembekeza nkhani ya mbewu ndi feteleza, koma lero ndabwera ndi nkhani ya pepala. Amayi kumbuyoko sunthirani kuno kumthunzi, chifukwa ambiri mwa asungichuma a magulu athu ndinu.

Muno mu Chiputo muli magulu a alimi amene munakawalembetsa kuboma ku Fingoè, ena mpaka munatsegula akaunti kubanki. Potsegulapo munasankha osainira: wapampando, mlembi ndi msungichuma. Munagwirizana nokha kuti ndalama isatuluke popanda manja awiri. Nanga mwezi ukatha chimachitika n'chiyani? Mlonda wa nyumba yosungiramo chimanga akufuna malipiro ake, anyamata amene anasenza matumba akudikira, mwini ngolo naye wabwera kale kawiri. Wapampando ali pa ulendo wa kumaliro ku Zambia, sabwerako msanga. Basi asananyamuke amatenga buku la macheke, n'kusaina masamba atatu pansi pokha, n'kuuza msungichuma kuti, "Zinazo mulemba nokha." Pena cheke chotero chimaperekedwa kwa wantchito yemweyo: "Ukalembe wekha, ukudziwa zimene tinapangana."

Sindikunyoza munthu. Banki ili kutali, njinga yamoto imadya ndalama, ndipo mvula ikagwa msewu wathuwu mukuudziwa. Boma linayambitsa mu 2016 ndondomeko yoti boma lililonse likhale ndi banki yake, koma banki ikafika kulikulu sindiye kuti yafika pakhomo panu. Chifukwa chosainiratu ndikuchimvetsa. Chimene ndikufuna muone ndi chimene mwapereka m'manja mwa munthu mukatero.

Kalaliki wa kubanki sanakhale nawo pansi pa mtengo pamene munkapangana ndi mlonda kuti ndi mametikali 7,000. Iye amaona zinthu zochepa: tsiku, ndalama yolembedwa m'manambala ndi m'mawu, ndi siginecha ngati ikufanana ndi imene munasiya potsegula akaunti. Zikagwirizana, ndalama m'akaunti zilimo, amalipira. Wonyamula cheke akalemba 70,000, banki ipereka 70,000. Mwapereka kiyi wa nkhokwe yonse kwa munthu amene munafuna kumupatsa lichero limodzi. Ndipo malamulo a macheke amene dziko lathu limatsata amanena poyera kuti cheke chosainidwa chisanadzazidwe, wina akachidzaza mosemphana ndi pangano n'kuchipereka kwa munthu wachitatu amene sakudziwa kanthu, wachitatuyo simungamukanize ndalama ponena kuti simunapangane choncho. Mlandu wanu utsala ndi amene anakunamizaniyo, ngati mum'peze.

Chinanso ndi mzere wa dzina. Mukausiya wopanda kanthu, chekecho n'cha aliyense amene wachigwira. Wantchito wanu akhoza kukhala wokhulupirika ndithu, koma chagwa m'thumba pa galimoto ya matola, kapena wachisiya mu jekete pamowa. Wochitolayo alemba yekha zimene akufuna.

Tsono tiyeni titembenuze. Wadzaza ndalama yoposa imene ili m'akaunti, cheke chabwezedwa. Amene wasaina ndiye wapereka cheke chopanda ndalama, ndipo kuno ku Mozambique umenewo ndi mlandu. Banco de Moçambique imasunga mndandanda wa anthu opereka macheke otere, ndipo dzina likalowamo mabanki amakulandani mwayi wogwiritsa ntchito macheke. Gulu limene likuyembekeza ngongole ya zipangizo chaka chamawa liganizire bwino pamenepa.

Ine chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya manja awiri ija. Munaika lamuloli kuti wina aziona zimene mnzake akuchita. Wapampando akasainiratu, manja awiri aja asanduka dzanja limodzi. Ndipo musaganize kuti mwamuchitira chifundo msungichuma. Mwamusenzetsa katundu. Ndalama ikadzasowa, ngakhale iye sanadyepo kalikonse, adzaloza ndani ngati mboni? Amayi ambiri abwino amakana udindowu chifukwa cha zoterezi, n'kuusiyira olimba mtima pa zinthu zolakwika. Amene mumamvera wailesi za ku Malawi mukukumbuka Cashgate ya mu 2013, pamene macheke a boma ankalembedwa kwa makampani amene sanagwire ntchito ina iliyonse, mabiliyoni a makwacha n'kupita. Kumeneko kunali makompyuta ndi akadaulo owerengera ndalama, koma osainira atasiya kufunsa kuti tikulipira chiyani, zonsezo sizinathandize.

Inu antchito, a ganyu, musaone ngati cheke chopanda ndalama yolembedwa ndi ulemu. Bwana akadzasintha maganizo adzati munawonjezera, ndipo zolembazo ndi za dzanja lanu. Mudzadziteteza ndi chiyani? Komanso ulendo wa kubanki mulipira nokha, mukafika akufunsani bilyeti, chiphaso chokuzindikiritsani, ena mulibe. Cheke chilinso ndi nthawi yake: lamulo limapereka masiku 8 kuchokera pa tsiku lolembedwapo kuti chikaonetsedwe kubanki, ndipo mukachedwetsa mphamvu yanu yodandaula imachepa. Pali mbale wake wa cheke chotere amene ndimamuona kawirikawiri kuposa cheke: pepala la malipiro limene amakuuzani kuti dindani chala pano, manambala tilemba madzulo. Musadinde. Ngati simuwerenga, itanani mwana wa sukulu kapena mnzanu akuwerengereni mokweza ndalama imene yalembedwa pambali pa dzina lanu. Chimodzimodzi mapepala a ngongole ya feteleza ndi mbewu: matumba angati, mtengo wanji, zilembedwe chala chisanapite pa inki.

Nanga tichite bwanji poti banki siisuntha? Ikani tsiku limodzi la malipiro pamwezi, lodziwika kwa onse, kuti osainira asapange ulendo tsiku limenelo. Mlembi abwere ndi mndandanda: dzina, ntchito imene yagwiridwa, ndalama. Cheke chidzazidwe onse akuona. Dzina likhale monga lilili pa bilyeti. Manambala ayambire kumayambiriro kwenikweni kwa kabokosi, kuti wina asadzaike 1 kutsogolo kwa 7,000. Mawu a ndalama alembedwe onse, malo otsala mujambule mzere mpaka kumapeto. Manambala ndi mawu zikasiyana, lamulo limatsata mawu. Kachidutswa kotsala m'buku kalembedwenso zomwezo. Zonsezi zikatha, ndiye musaine. Ngati wolandirayo ali ndi akaunti, jambulani mizere iwiri yopingasa pamaso pa cheke, kuti ndalama idutsire m'banki, isangoperekedwa pamanja kwa aliyense.

Kunena zoona, kwa anyamata osenza matumba cheke si njira yabwino n'komwe. Lembani cheke chimodzi cha ndalama yonse m'dzina la msungichuma, apite ndi membala wina, akabwerako alipire pabwalo pamaso pa mboni, aliyense n'kudinda pa ndalama yake. Kumene netiweki ikugwira, e-Mola kapena M-Pesa imasiya uthenga pa foni ziwiri zonse, wa tsiku ndi ndalama, ndipo uthengawo musaufufute. Koma nambala yachinsinsi ya foni musauze munthu, pakuti kutero n'chimodzimodzi kusainiratu. Ngati wapampando amayenda kwambiri, lembani kalata kubanki muwonjezere wosainira wina. Buku la macheke likasowa, tsiku lomwelo imbani kubanki, mukanenenso kupolisi.

Tsopano asungichuma amene mwabwera ndi mabuku a macheke, bwerani nawo kutsogolo kuno, a mlembi akhale pambali panu. Tiwerenga masamba limodzi. Tsamba lililonse limene lasainidwa kale lopanda ndalama tilijambula mzere kuchoka ngodya kufika ngodya, tilembapo anulado, kutanthauza kuti lathetsedwa, koma musaling'ambe, likhale m'buku momwemo. Ngati pali tsamba limene linatuluka kale lotero, tilembe nambala yake ndi amene analitenga. A mfumu, ndipemphe tebulo.