Madzi a Limphasa Akufuna Akatswiri Oyendera Limodzi



Achikulire muli panonu mukukumbukira zaka za m'ma 1980, kodikodi atapiringiza nsonga za chinangwa m'boma lino la Nkhata Bay, kondowole n'kusowa m'mbale. Ndikunama, amayi? Chinapulumutsa chinangwa chathu si mankhwala opopera ayi, koma kamavu kakang'ono kochokera ku South America. Kamavuko kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi, mphutsi yake n'kumudya m'kati. Kuti kafike m'minda muno, odziwa za tizilombo, odziwa za mbewu ndi alangizi anagwirana manja, motsogozedwa ndi bungwe la IITA la ku Nigeria.

Tsono taonani madzi a m'dambo lino la Limphasa. Omwewa akukulitsa mpunga, omwewanso akusunga nkhono zofalitsa likodzo, ndipo udzudzu ukuswana momwemo. Madziwa akatsetsereka amatenga feteleza ndi dothi kupita nazo kunyanja kumene timapha usipa ndi batala. Kolera wa mu 2022 anatilowanso kudzera m'madzi. Mayi wowokera mpunga amakumana ndi zonsezi tsiku limodzi, miyendo ili m'matope.

Yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), imene inatsegula zitseko mu 1999, ili ndi aphunzitsi a zansomba, a zankhalango, a zaunamwino ndi a zamadzi ndi ukhondo. Tikunyadira, ndipo manja awombedwe. Koma aphunzitsi anga, ndikupempheni: musamatsike kuno aliyense ndi galimoto yake, tsiku lake, mafunso ake. Wansomba akwere limodzi ndi wazaumoyo, ayeze ngalande imodzi, alembe lipoti limodzi.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima: ofufuza ena amatunga madzi m'mabotolo, kufunsa alimi mpaka dzuwa kupendeka, kenako zii. Zimene mwapeza muzibwera nazo, mudzazifotokoze m'Chitonga pamaso pa mafumu ndi komiti ya sikimu ya mpunga ya Limphasa, mpunga usanawokeredwe.

Inunso mafumu, ophunzira a ku Mzuni akafika alandireni, muwapatse ndime yoyeserapo mbewu.