Za Kuphonya kwa Ana ndi Malo Ao Oganiziramo



Nkhani ya lero ikhudza zinthu ziwiri zimene mphunzitsi akomana nazo tsiku liri lonse, ngakhale sizilembedwa pa ndandanda ya maphunziro yopacikidwa pakhoma. Coyamba ndico kuphonya kwa mwana pa nchito yace. Caciwiri ndico danga limene mwanayo asowa kuti akhale payekha, popanda diso la munthu wamkuru pa iye. Ziwirizi ziri ngati mtondo ndi munsi, ndipo kuti zimveke bwino nkoyenera kuyamba ndi mbiri ya mnyamata wina wa ku England.

Dzina lace ndiye William Perkin, wobadwira mu mzinda wa London m'caka ca 1838. Ali ndi zaka 15 analowa sukulu ya Royal College of Chemistry kukaphunzira za kusanganiza mankhwala, ndipo mphunzitsi wace anali munthu wochuka wa ku Germany, August Wilhelm Hofmann. Masiku amenewo mankhwala odalirika a malungo anali kwinini, wocokera ku khungwa la mtengo wa cinchona umene unali kumera m'mapiri a ku South America. Kwininiyo anali wodula, ndipo Hofmann anali atanenapo kuti kapena munthu angathe kumpanga ndi zinthu zopezeka m'phula lakuda la malasha.

Pa chuthi ca Pasaka m'caka ca 1856, Hofmann ali pa ulendo kwao, Perkin anayesa nchitoyi yekha m'kacipinda ka pamwamba m'nyumba ya atate ace, mu mseu wa Cable Street, m'mene anasungiramo mabotolo ace ocepa. Anali ndi zaka 18. Kwinini ndi woyera, koma poyesa koyamba m'botolo munatsala matope oderako. Anayesanso ndi mankhwala ena ochedwa aniline, ndipo panatuluka matope akuda bii. Munthu ali yense akadaona kuti mnyamatayo waphonya, ndipo analidi ataphonya. Koma pothira sipiriti m'matopemo anaona madzi alikusanduka a maonekedwe a cibakuwa. Anaviikamo kansalu ka silika, ndipo utotowo unagwira, osacoka pocapa. Anatumiza citsanzo kwa akatswiri onyika nsalu ku Perth, ku Scotland, ndipo iwo anamyankha momlimbikitsa. M'mwezi wa August caka comweco anapempha kalata ya boma yotsimikiza kuti njirayo ndi yace, ndipo mu 1857 iye, mkuru wace Thomas ndi atate ao anamanga fakitale ku Greenford. Kufikira nthawi imeneyo utoto wa nsalu unali kucokera makamaka ku zomera, ku tizirombo ndi ku nkhono za m'nyanja, ndipo cibakuwa cinali ca anthu olemera kuyambira kale. Owerenga buku la Macitidwe akumbukira Lidiya wa ku Tiyatira, amene malonda ace anali nsalu zotere. Kuyambira pa matope a Perkin panabuka nchito yaikuru ya utoto wopangidwa m'mafakitale.

Nanga kwinini uja? Perkin sanampange konse, ndipo njira yace sikadatheka, cifukwa pa nthawiyo anthu sanadziwe m'mene tizigawo ta kwinini tinalumikizirana. Panapita zaka 88 kufikira 1944, pamene Robert Woodward ndi William Doering ku America anaonetsa njira yompangira.

M'mbiri iyi muli mfundo imene mphunzitsi sayenera kuilumpha. Perkin anali ndi nthawi ya kuyang'anitsitsa matope ace cifukwa panalibe munthu woima kumbuyo kwace. Akadakhala m'kalasi, pamaso pa mphunzitsi ndi anzace, kapena akadataya msanga zonyansazo kuti ena asamseke. Ngakhale Hofmann yemwe, munthu wanzeru zakuya, sanakondwere pamene wophunzira wace anasiya sukulu kukatsata utoto. Komanso asanene munthu kuti unali mwai cabe, kapena kuti mphunzitsi analibe nchito. Mnyamatayo anali ataphunzira kwa Hofmann zaka zitatu, ndipo maso amene anazindikira cibakuwa m'matope ananoledwa m'kalasi. Mphunzitsi ananola mpeni, koma kusema kunacitika iye kulibe.

Tsono nkhaniyi ibwere ku sukulu ya kumudzi. Mphunzitsi alemba pa bolodi samu iyi: 52 kucotsapo 38. Ana ambiri apeza 14, koma wina alemba 26. Mphunzitsi wofulumira aika mtanda wofiira napita kwa wina, ndipo mawa mwanayo adzapezanso 26, pakuti nambala ija sanailote, anaigwirira nchito. Anayang'ana 2 ndi 8, nakumbukira kuti anamuuza kuti cacikuru sicicotsedwa m'cacing'ono, natembenuza, nacotsa 2 mu 8, napeza 6. Pamenepo anacotsa 3 mu 5, napeza 2. Anatsata lamulo mokhulupirika, kungoti lamulo lace nlopunduka. Yankho lolakwikalo lauza mphunzitsi malo eni-eni pamene mwendo unathyoka: mwanayo sanamvetse kuti 5 uja aimira makumi asanu, ndi kuti khumi limodzi lingathe kumasulidwa. Ampatse timitengo, mitolo 5 ya khumi-khumi ndi timitengo 2 tapadera, amuuze kuti acotsepo 38, ndipo amsiye. Posacedwa zala zace zidzamasula mtolo umodzi popanda womuuza. Kapena amuuze kuti aonkhetse 26 wace uja ndi 38. Akapeza 64 m'malo mwa 52 adzadabwa, ndipo kudabwa kumeneko ndiko khomo la kuphunzira. Pa benci lomwelo pangakhale mwana wina amene analemba 14 wa maso, poonera kwa mnzace. Iyeyo alandira cizindikiro ca kukhoza, koma pa awiriwa wosowa thandizo koposa ndiye.

Katswiri wa ku Switzerland, Jean Piaget, anaona comweci ca m'ma 1920 pamene anapatsidwa nchito ya kuyesa ana ndi mafunso mu mzinda wa Paris. Mayankho okhoza sanamcititse cidwi kwenikweni. Anaona kuti ana a msinkhu umodzi aphonya mofanana, ndipo anayamba kuwafunsa cifukwa cace ayankha cotero. Pamenepo panayambira nchito ya moyo wace wonse, ya kufufuza m'mene nzeru za mwana zikulira.

M'Cinyanja muli msampha wina woyenera kuuchula. Mau akuti "walakwa" anenedwa kwa mbala yogwidwa ndi nkhuku, anenedwanso kwa mwana amene waiwala cilembo cimodzi m'dzina lace. Mwana wa zaka 7 sadziwa kusiyanitsa. Akamva kuti walakwa, mtima wace umuuza kuti wacimwa, makamaka pa sukulu ya mishoni pamene za ucimo azimva m'mawa uli wonse pa mapemphero. Mau akuti "waphonya" ali bwino koposa, pakuti ndi mau a alenje. Mlenje wophonya gwape sapita ku bwalo la milandu. Atola mubvi wace, naona ngati unapita pamwamba kapena pansi, naponyanso. Lamulo la Maphunziro la m'caka ca 2011 linaletsa kukwapula ana m'masukulu a m'Zambia, ndipo linacita bwino. Koma lilime nalo ndi cikwapu. Mphunzitsi wokweza kope la mwana pamaso pa anzace kuti aseke wamphunzitsa cinthu cimodzi cokha, ndico kusakwezanso dzanja. Akuru anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo m'makalasi ambiri mauna otere akumbidwa ndi aphunzitsi eni ace.

Za malo a mwana, makolo anazidziwa sukulu zisanafike. Pambuyo pa kukolola ana anali kumanga timisasa ta mapesi ndi udzu kunja kwa mudzi, nacita masanje. Amai anali kuwapatsa ufa pang'ono, mcere ndi kamphika, koma sanali kuwatsata. Kumeneko nsima inali kutuluka ya mibulu, ndiwo zinali kupserera, kamsasa kanali kugwa ndi mphepo, ndipo panalibe wokalipa. Mtsikana amene pambuyo pace anaphikira alendo nsima yosalala anayamba waononga ufa ku masanje. Momwemonso mnyamata akasinkhuka anali kucoka m'nyumba ya makolo kukagona ku mphala, ndi mtsikana ku gowelo kapena kwa ambuye ace. Kumeneku sikunali kutaya ana, pakuti utsi wa masanje unali kuoneka kucokera pa khonde, ndipo amai anali kudziwa pamene mwana wao ali. Za mwana woumirira njira yace akuru omwewo anati akalirira nyanga ya nsatsi umsemere, imfotere yekha.

Kalasi la ana 60, okhala anai pa benci la awiri, liribe malo ambiri opatsa munthu. Komabe danga liripo la mitundu ina. Loyamba ndi la nthawi. Mary Budd Rowe, mphunzitsi wa ku America, anachera khutu ku zokamba za m'makalasi ambiri, ndipo mu 1972 anafotokoza kuti aphunzitsi akafunsa funso ayembekeza ngati sekondi imodzi yokha asanalibwereze kapena kuloza mwana wina. Pamene anayembekeza masekondi atatu kapena kuposapo, mayankho anatalika, ndipo ana amene kale anali cete anayamba kulankhula. Masekondi atatu aoneka ocepa, koma kwa mphunzitsi woimirira ndi coko m'manja atalika ngati ulaliki wa tsiku la Sabata. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Danga lina ndi la thupi. Pali aphunzitsi okonda kuima kumbuyo kwa mwana alikulemba, mpweya wao uli pa khosi pace. Dzanja la mwanayo liuma, ndipo nzeru zonse zithawira kwa munthu ali kumbuyoyo. Kuli bwino kuyendayenda patali pang'ono, ndi kufika pamene mwana waika pensulo pansi. Kuli bwinonso kuti mwana ali yense akhale ndi pepala kapena sileti la zoyesayesa, limene mphunzitsi salicongamo konse, m'mene angalembe ndi kufafaniza monga afuna. Limenelo ndilo kacipinda kace ka pamwamba. Ndipo kumene ana agonera pa sukulu pomwepo, bokosi la mwana ndi makalata ace zisatsegulidwe popanda cifukwa cacikuru. Zikayenera kutsegulidwa, mwini wace akhalepo, ndipo anzace asaonerere.

Zonsezi ziri ndi malire ace. Mwana woseweretsa moto, mankhwala kapena citsime saphunzitsidwa ndi nyanga ya nsatsi, aletsedwa pomwepo. Cilembo cokhota cimene mwana wacibwereza mwezi wathunthu cisanduka cizolowezi cobvuta kucizula, cotero kope lisagone masabata osaonedwa. Ndipo mwana amene kale anali wosangalala, koma tsopano akhala yekha kuseri kwa sukulu masiku onse, angakhale sakufuna danga ai. Kapena ali ndi njala, kapena adwala, kapena wina alikumzunza kunyumba. Kusiyanitsa mwana wofuna kusiyidwa ndi mwana wofuna kufunsidwa ndiyo nzeru imene buku liri lonse la ku koleji silingaipereke yathunthu.

Mphunzitsi mwini wace asowanso zomwezi, ngakhale kawirikawiri acita manyazi kuzipempha. Nyumba yace iri pa bwalo la sukulu, ndipo mudzi wonse udziwa nthawi imene auka ndi ndiwo zimene adya. Madzulo pakhomo pace pafika wofuna kumlembetsa kalata, wofuna kubwereka, wofuna kuweruziridwa mlandu, ndipo kuwabweza kuoneka ngati kudzikuza. Koma Marko analemba kuti Ambuye Yesu anauka kusanace napita ku malo a yekha kukapemphera, ndi kuti tsiku lina, pamene khamu linawapanikiza kotero kuti analibe ndi mpata wa kudya, anatenga ophunzira ace kunka nao padera kuti akapumule. Ngati Mwini nchito anacita cotero, mphunzitsi wotseka citseko ora limodzi kuti awerenge ndi kukonza phunziro la mawa sanalakwire munthu.

Mau otsiriza apite kwa akuru a masukulu ndi oyendera. Mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji adzaphonya ndithu: phunziro lace lidzatha belu lisanalire, kapena ana adzamsokoneza. Mkuru wa sukulu amene akhala m'kalasi mwace tsiku ndi tsiku, namdula mau pamaso pa ana, adzakhala ndi mphunzitsi wongowerenga za m'buku mopanda moyo, woopa kuyesa kanthu katsopano. Barnaba anacita mwina ndi Yohane Marko, mnyamata amene anabwerera pa njira ku Perge pa ulendo woyamba. Paulo anakana kumtenganso, ndipo panali kutsutsana kwakukuru kufikira awiriwo anapatukana. Barnaba anamtenga mnyamatayo napita naye ku Kupro, kutali ndi maso a womkanayo. Patapita zaka, Paulo ali m'ndende analembera Timoteo kuti abwere naye Marko, popeza tsopano anali wothandiza pa nchito.