Mpweya wa Munthu Wosambira Pansi pa Madzi

Anthu a ku migodi adziwa bwino amuna aja a gulu la Proto, amene amalowa m'malo a utsi atabereka mpweya wao kumbuyo. Aliponso anthu ena amene moyo wao umakhala m'botolo la citsulo: ndiwo aja ogwira nchito pansi pa madzi, monga okonza madamu ndi ogwira tinsomba tokongola m'Nyanja ya Tanganyika. Cipangizo cimene amapumira anacipanga Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ku France m'caka ca 1943.

Funso lalikulu la munthu wotere ndi lakuti, kodi mpweya udzatha liti? Botolo la malita 12, akalipopa kufikira muyeso wa 200 bar, limasunga malita 2,400 a mpweya. Munthu amene amapuma malita 20 pa mphindi imodzi angakhale nalo mphindi 120 ali pamtunda. Koma madzi ndi olemera, ndipo amapanikiza mpweya. Pa kuya kwa mamita 10, kupuma kamodzi kumadya mpweya wokwanira kupuma kawiri pamtunda, cotero botolo lija limatha pa mphindi 60. Pa mamita 30 limatha pa mphindi 30 zokha.

Pomva zimenezi, ophunzira ambiri amayesa kusunga mpweya mwa kuugwira m'cifuwa. Kumeneko ndiko kudziitanira imfa. Munthu akakwera atagwira mpweya, mpweyawo umafufuma pamene madzi acepa mphamvu, ndipo ungathe kung'amba mapapo, ngakhale m'madzi osaya kwambiri. Ndiponso mpweya woipa umene thupi limapanga umacuruka m'mwazi. Mpweya woipawo ndiwo umacititsa munthu kufuna kupuma; ukacuruka, mutu umawawa, nzeru zimasokonezeka, ndipo munthu amayamba wefuwefu. Pamenepo botolo limatha msanga koposa kale.

Kupuma kwabwino ndiko kukoka mpweya pang'onopang'ono kufikira utalowa bwino m'mapapo, ndi kuuturutsa mosafulumira, osaleka konse. Kupuma kwafupikufupi kumataya mpweya cabe, pakuti wambiri umangobwerera pakhosi usanagwire nchito yace.

Komabe mpweya wambiri umapita ndi nchito ya thupi. Madzi amalemera kuposa mpweya pafupifupi nthawi 800, ndipo munthu akafulumira kawiri, madzi amamkaniza kanai. Apa ndi pamene mau aja akuti kuthamanga si kufika ali oona ndithu. Wodziwa nchitoyi amagona copingasa ngati nsomba, manja atapinda, namayenda ndi miyendo yokha. Sanyamula mtovu wopitirira muyeso, cifukwa umamkokera pansi ndi kumtopetsa. Amabvala cobvala cofunda, pakuti madzi amacotsa kutentha m'thupi msanga, ndipo munthu wozizidwa amapuma kwambiri. Mantha naonso amadya mpweya; ncifukwa cace akatswiri amaphunzitsa kuti mtima ukayamba kugunda, munthu aime, apume bwino, aganize, ndipo pambuyo pace acite cimene afuna.

Potsiriza, wosambira wanzeru amayang'ana kawirikawiri koloko ya botolo lace, satsika yekha wopanda mnzace, ndipo amafika pamwamba muyeso ukali pa 50 bar. Mpweya wotsalawo si wotayika ai: ndi wa tsiku limene mnzace adzausowa pansi pa madzi.