Woimbira Mpira wa Anyamata

Pa mpira wa anyamata pali munthu mmodzi amene sayamikidwa kawiri-kawiri, ndiye woimbira. Timu ikapambana, ulemu umapita kwa aphunzitsi ace. Ikagonja, zitonzo za makolo zimagwera iye amene wagwira wenzulo. Cifukwa ca ici oimbira ena acinyamata amayesa masewera a ana nchito yacabe. Amafika mocedwa, osayang'ana mizere ya bwalo kapena maina a osewera. Ena amangoima pakati ndi kuweruza zimene zacitika kutali, namati adzathamanga tsiku limene adzapatsidwa matimu akuru. Kwa ambiri tsikulo silifika konse, pakuti akuru amene amakweza oimbira amakhala m'mbali mwa mabwalo ang'ono omwewa, nalemba zimene aona: ngati munthuyo adziwa malamulo 17 a mpira, ngati ali pafupi ndi mpira pamene colakwa cicitika, ndiponso ngati akhoza kuletsa mnyamata wokwiya popanda kumnyoza pamaso pa anzace.

Mbiri ya Bambo Janny Sikazwe a ku Zambia isonyeza bwino m'mene khomo limatsegukira. Iwo anabadwa m'caka ca 1979, ndipo nchito yao inali ya uphunzitsi. Bungwe la FIFA linawalemba m'gulu la oimbira a pakati pa maiko mu 2007, koma kunja kwa dziko lao sanali kudziwika. Mu 2008 ku South Africa kunali mpikisano wa COSAFA wa anyamata osapitirira zaka 20. Woimbira wina amene anasankhidwa analephera mayeso a kuthamanga, amene woimbira ali yense ayenera kupambana asanalowe m'bwalo, ndipo a Sikazwe anaitanidwa m'malo mwace. Kuitana kotere kumadza mwadzidzidzi. Munthu amene sanali kuthamanga m'mamawa miyezi yonse ya m'mbuyo sangakonze thupi lace m'masiku owerengeka. Iwo anapezeka okonzeka.

Kucokera pa masewera a anyamatawo anakwera ndithu. Mu December 2016 anaimbira mpira wotsiriza wa cikho ca makalabu a dziko lonse ku Yokohama, pamene Real Madrid inagonjetsa Kashima Antlers 4-2. Mu February 2017 anaimbira wotsiriza wa cikho ca Africa ku Libreville, Cameroon nipambana Egypt 2-1. Mu 2018 ku Russia anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kuimbira mpira wa World Cup.

Tsono nchito iyi iribe tsiku limene munthu anganene kuti wafikapo. Pa 12 January 2022, mu mzinda wa Limbe (wa ku Cameroon, osati wa pafupi ndi Blantyre), Mali ikusewera ndi Tunisia dzuwa liri phwee, a Sikazwe anaimba wenzulo wotsiriza pa mphindi 85. Atazindikira anayambitsanso masewera, koma anawathetsanso mphindi 90 zisanakwane. A Tunisia anakwiya kwambiri, ndipo dziko lonse linaseka. Pambuyo pace kunamveka kuti kutentha kunawadwalitsa, kotero kuti anapita nao ku cipatala. Akuru a FIFA anayang'ana nchito yao ya zaka 15, nawasankhabe kupita ku Qatar caka comweco, kumene anaimbira mpira wa Belgium ndi Canada. Atabwerako anapuma pa nchito ya wenzulo.