Chaka Chimene Ndinawerenga Zomwe Tinkamanidwa

Ine ndinakulira ku Malindi masiku amene buku tinkabisa pansi pa mphasa poopa akapirikoni. Tsono chaka chathachi ndinati ndibweze ngongole ya kuwerenga.

Ndinayamba ndi Hero of the Nation, mbiri ya Masauko Chipembere, mwana wakwathu. Nditalitseka, funso linandisowetsa tulo. Mu 1965 amuna atathawira kuthengo, nyumba zikutenthedwa, amayi anga anatsala ndi ana asanu. Mbiri ya amayi otere analemba ndani?

Funsoli linanditengera kwa Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, m'buku lao Fearless Fighter. Anagwidwa mu 1981, natuluka mu 1993, a Orton atafera m'ndende ya Zomba. Ife nthawi imeneyo amayi tinkawadziwa ngati mbumba yovina basi.

Koma londichititsa manyazi linali la nsomba, The Tilapia Trail. Analemba ndi Rosemary Lowe-McConnell, amene anafika pa nyanja ino mu 1945 kudzafufuza chambo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Ukachikola nthawi yoswana, wapha ndi ana omwe. Mukudziwa mmene chambo chinasowera ku Malombe.

Ndinapita kudoko kukadzitama ndi nzeru zangazi. Mayi wina wogula nsomba anandiseka, akuti zimenezo anauzidwa ndi agogo ake, ndipo akaziyankhula pamsonkhano wa asodzi amauzidwa kuti akhale pansi. Ine amene ndimatsogolera misonkhano yotere, ndinasowa poyang'ana.