Nkhokwe ndi ya anthu awiri

Mau olankhulidwa ndi mphunzitsi wa katekisimu pa chikondwerero cha zaka 100 za Misyoni ya Lifidzi



Anzanga anena kale za matchalitchi, za sukulu ndi za maubatizo a zaka 100 zimenezi. Ine andipatsa mutu wa chakudya m'mabanja mwathu. Kapena wina adzafunsa kuti nkhani ya nsima ilowa bwanji m'chikondwerero cha Eklezia. Ife aphunzitsi tidziwa m'mene ilowera, pakuti m'mwezi wa Juni ana a katekisimu amadzaza mabenchi, koma m'mwezi wa Febuluwale ambiri sabwera, ndipo amene abwera amaodzera chifukwa anagona ndi njala.

Dziko lathu la Angónia Mulungu analipatsa mvula ndi nthaka yabwino, kotero kuti anthu amalitcha nkhokwe ya chigawo cha Tete. Chaka ndi chaka magalimoto amanyamula chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere kupita nazo ku Tete ndi ku mizinda ina, ndipo zina zimaoloka malire kulowa m'misika ya ku Dedza ndi ku Lizulu. Komabe m'midzi yomweyo yotumiza chakudya kutali mumapezeka mabanja akudya gaga mvula ili mkati. Chilala chimabwera zaka zina, monga chija cha 1992, koma njala imene ndikunenayi imabwera ngakhale chaka cha mvula yabwino. Gwero lake lili m'nyumba zathu.

Tiyambe ndi kukumbukira amene anasunga midzi ino. Pa nthawi ya Apwitikizi amuna anali kutengedwa ku chibalo, ena anali kupita okha ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni kukafuna ndalama za msonkho, ndipo anali kutha zaka osabwera. Amene analima, kupalira, kukolola ndi kudyetsa ana ndi nkhalamba anali amayi. Pa nthawi ya nkhondo, pamene Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira anaphedwa ku Chapotera pa 30 Okutobala 1985, ndipo anthu ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, amayi ndiwo anali kuima pa mzere wa ufa ndi kuugawa kuti ufike tsiku lolandiranso. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera ku minda imene inali itasanduka tchire, ndipo mbeu ya nyemba ndi ya maungu imene tinayambira inatuluka m'timfundo ta pa nsalu za amayi. Misyoni ino sikanafika zaka 100 popanda manja amenewo.

Tsono taonani m'mene ntchito imayendera lero. Kugalauza, kupanga mizere, kubzala, kupalira ndi kubandira, mwamuna ndi mkazi amagwira khasu limodzi. Dzuwa likafika pamutu, mwamuna amakoleka khasu napuma. Mkazi amabwera ndi mwana kumbuyo ndi mtolo wa nkhuni pamutu, napita kumadzi, nakonola chimanga cha kuchigayo, naphika, nasambitsa ana. Ndiye amafutsa khwanya ndi nkhwani kuti m'chilimwe mukhale ndiwo, ndiye amayamba kuona kuti anankafumbwe alowa m'chimanga, ndiponso ndiye amadziwa masiku amene thumba limodzi limatha. Koma zokolola zikalowa m'nkhokwe, ogula nkufika ndi masikelo ao, munthu amene adziwa zonsezi safunsidwa. Mwamuna amagulitsa yekha m'mwezi wa Meyi kapena Juni, pamene chimanga chili ponseponse ndipo mtengo uli pansi. Ndalamazo zimatha pa msika, zina m'nyumba za mowa. Pofika Januwale banja lomwelo limagula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera, ndipo popeza ndalama palibe, mkazi ndi ana amapita pa ganyu kukapalira munda wa wina pamene munda wao ukudyedwa ndi udzu. Munda wosapalira m'nthawi yake subala, ndipo njala ya chaka chino imabereka njala ya chaka chamawa.

Za fodya ndinenenso. Fodya wamanga nyumba za malata ndipo walipirira ana sukulu, sindikana. Koma fodya amafuna manja pa miyezi yomweyo imene chimanga chimafuna kupalira, ndipo ngongole ya mbeu ndi feteleza imalembedwa kawirikawiri pa dzina la mwamuna, ndalamanso nkulowa m'thumba mwake, chonsecho mkazi ndi ana anathyola, kusoka ndi kusankha nao masamba. Banja limene lapereka munda wabwino wonse kwa fodya likumbukire kuti fodya sadyedwa.

Amuna anzanga, tikonda kunena kuti mwamuna ndi mutu wa banja. Makolo athu anatiuza kuti mutu umodzi susenza denga. Pa tsiku la ukwati, pamaso pa wansembe ndi mboni, tinalonjezana moyo umodzi. Kodi anthu a moyo umodzi angakhale ndi nkhokwe imene mmodzi amaidzaza ndi thukuta ndipo wina amaitsekula mobisa? Tonse tidziwa za Yosefe ku Ejipito, amene anasunga tirigu wa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu kuti anthu apulumuke pa zaka zisanu ndi ziwiri za njala. M'nyumba zambiri za kuno nzeru ya Yosefe ili mwa amayi, koma ulamuliro wa Farao uli mwa abambo. Farao anapulumutsa dziko lake chifukwa anamvera.

Sindingaleke osanena za akazi amasiye. Mwamuna akamwalira, makamaka kumene mkazi anapita ku chitengwa kapena anaperekedwa malowolo, abale ena amafika maliro asanaiwalike nkutenga munda, dimba, ng'ombe ndi chimanga cha m'nkhokwe. Ena mwa ochita zimenezi amalandira Ukaristia Lamulungu lotsatira. Lamulo la Malo la dziko lathu la Mozambique, la chaka cha 1997, limapatsa mwamuna ndi mkazi ufulu wofanana pa nthaka, ndipo limavomereza umboni wa anthu a m'mudzi ngakhale popanda chikalata. Ngati boma lateteza wamasiye, Mkristu angamlande bwanji?

Msonkhano wa Eklezia wa ku Beira wa chaka cha 1977 unaika moyo wa Mpingo m'manja mwa miphakati. Chifukwa chake ndikupempha miphakati yathu zinthu zinai. Choyamba, banja lililonse lisagulitse kanthu mwamuna ndi mkazi asanakhale pansi kuwerengera pamodzi. Ngati nyumba yanu imatha thumba limodzi pa masabata atatu, mufunika matumba 18 kuti mufike kukolola kwina, osawerengera mbeu, alendo ndi maliro. Chotsala ndicho cha pa msika. Chachiwiri, feteleza ndi manyowa ziyambire m'munda wa chakudya, ndipo gawo la dimba likhale la chimanga ndi ndiwo za m'nyumba. Chachitatu, amuna tithandize pa nkhuni ndi pa madzi, ndipo tiphunzitse ana athu aamuna kuti kugwira mthiko sikuchotsa ulemu. Iwo amene anakhala ku migodi anali kudziphikira okha ndipo anabwera ali amuna ndithu. Chachinai, mphakati uliwonse usonkhe chimanga pa nthawi yokolola, chisungidwe ndi amayi awiri ndi abambo awiri osankhidwa, kuti chithandize amasiye, odwala ndi nkhalamba m'miyezi ya njala. Ndipo pakabuka mlandu wa munda wa wamasiye, akulu a mphakati apite naye kwa mfumu kukachitira umboni.

Aphunzitsi anzanga, pokonzekeretsa achinyamata ku ukwati tisamalekere pa mapemphero okha. Tiwafunse mnyamata ndi mtsikana, onse ali pomwepo, kuti adzasunga bwanji zokolola zao ndipo ndani adzagwira ndalama.

Makolo athu m'chikhulupiriro anatisiyira tchalitchi ili. Ife tisiyire ana athu mabanja amene mwamuna ndi mkazi amatsekulira limodzi nkhokwe. Fransisko Zaviere Woyera, nkhoswe ya Misyoni yathu, atipempherere, ndipo Mulungu adalitse minda yanu ndi nyumba zanu.