Alonda a Kachilombo: Ena Pabwalo, Ena M'nyumba

(Mau a mmodzi wa ife pa msonkhano wathu wa pachaka)



Nkhani yanga ndi ya Salmonella, bakiteriya wodziŵika bwino m'makomo mwathu ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni. Mtundu wake wina umayambitsa taifodi. Wina umaloŵa m'magazi mwa ana ofooka ndi malungo kapena kunyentchera, ndiponso mwa anthu amene ali ndi HIV.

Kachilomboka kakaloŵa m'thupi, maselo oyera a magazi amakameza n'kukathira poizoni wotchedwa superoxide, ndi mnzake hydrogen peroxide. Nanga kamapulumuka bwanji? Kali ndi mapuloteni osukulutsa poizoniyo, otchedwa ma enzyme, ndipo nzeru yagona pa malo amene alondaŵa aikidwa.

Taganizirani nyumba ya mpanda. Kachilomboka kali ndi makoma aŵiri, ndipo pakati pake pali kabwalo kotchedwa periplasm. Superoxide amavutika kuboola khoma lam'kati, choncho amaononga zapabwalo, kumene mlonda wa m'nyumba sangafikeko. N'chifukwa chake enzyme ya superoxide dismutase yokhala ndi kopa ndi zinki imakhala pabwalopo. Abale ake, wa manganese ndi wa chitsulo, ali m'kati, kusesa superoxide amene kachilomboka kamapanga kokha popuma. Hydrogen peroxide ndiye amadutsa makoma ngati utsi, kotero kuti catalase amangomdikirira m'nyumba n'kumsandutsa madzi ndi okosijeni.

Anzanga, zimenezi si za m'mabuku a kunja okha ai. Salmonella wotchedwa D23580, amene akatswiri ambiri padziko amamphunzira, adapezeka m'magazi mwa mwana kuno ku Blantyre mu 1 mwa zaka za mliri wake, 2004.

Mdani wokonzeka chotere tisamlole kuloŵa. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa adaloŵa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi, ndipo katemerayo adateteza pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse. Mu 2023 boma lidayamba kumpereka m'dziko lonse. Koma katemerayu ndi wa taifodi yekha. Tsono tengerani adzukulu ku sikelo, ŵiritsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini, ndipo sambani m'manja ndi sopo.